Che Sadiki ndi Kuphwa kwa Chilwa

Achimwene anga Che Sadiki anabwerera kwa Mposa atakhala kunja zaka zoposa khumi, ndipo katundu amene anabwera naye ndikhoza kumutchula osapumira: chijasi chakuda cholemera ngati thumba la mpunga, kampeni kosendera mbatatesi, ndi dzanja lamanzere lopanda zala ziwiri. Anzawo ochokera ku Joni ankabwera ndi njinga, wayilesi ndi malata. Ife tinalandira munthu wovala jasi mwezi wa Okutobala. Mayi athu analira, kaya ndi chimwemwe kaya ndi manyazi, sindinawafunse. Mkazi amene anamusiya anali atakwatiwa kalekale ku Ntaja, choncho ine Rukiya, mlongo wawo wamng'ono, ndinawapatsa kanyumba kuseri kwa nkhokwe yanga, ndipo ndinawaphikira mpaka tsiku limene anatisiya.

Zala zija anazisiya kutali kumene ine sindingathe kulozako. Mgodi unawakanika, akuti pansi pa nthaka pankawatsamwitsa, ndiye anathawira ku Debeni, kudoko. Kumeneko analembedwa ntchito yosenda mbatatesi m'sitima yapamadzi imene inkapititsa chakudya kwa azungu opha anangumi, kumwera kwenikweni kumene nyanja yamchere imaundana. Ankanena kuti kumeneko kuli mapiri a madzi oundana oyenda okha, ena aakulu ngati phiri lathu la Chikala, ndipo dzuwa likati lilowe limangopendeka pang'ono n'kudzukanso, moti munthu sudziwa nthawi yoswali. Tsiku lina anatuluka panja manja ali onyowa, zala ziwiri zinada ngati makala, ndipo wophika wa m'sitimamo anazidula ndi mpeni wa nyama. Ana a m'mudzi atamva zimenezi anawapatsa dzina loti Che Ayezi, ndipo dzinalo linakakamira.

Pamudzi sanali munthu wovuta. Ankalima mpunga kudambo, ankafika kumzikiti anzawo asanafike, ndipo luso lawo lenileni linali lochititsa manyazi kwa mwamuna: kusenda. Chinangwa akachigwira, khungu linkachoka lopyapyala osataya kanthu, moti pa ukwati ndi pa sadaka amayi ankawaitanira kuseri kwa nyumba, iwo n'kukakhala pakati pawo osaona chachilendo. Chimene sankakonda kukamba ndi kulira kwa madzi oundana aja. Anandiuza kamodzi kokha, tikumenya mpunga, kuti amabuula ngati ng'ombe yodwala, nthawi zina amaitana ngati munthu wotsekeredwa pansi, ndipo ukamva kamodzi khutu siliiwala. Masana dzuwa likuswa mtengo ndinkawaona ataima chilili pakati pa munda, khasu lili m'manja, mutu atapendeketsa. Ndinkadziwa kuti si mbalame zimene akumvetserazo.

Wophika uja, mkulu wina dzina lake Ambrose, ndi amene anawaika m'mutu nkhani imene inadzatisowetsa mtendere tonse. Ambrose anakulira m'dziko lotentha la tsidya lina la dziko lapansi, kwa asodzi ngati kwathu kuno. Kwawoko, akuti, pakapita zaka zingapo madzi a m'nyanja yamchere amafunda, nsomba n'kuthawa, mbalame n'kumafa ndi njala pagombe. Ndipo iye, atayenda m'sitima moyo wake wonse, anaona kuti zikatero kwawo, kumwera kozizira kuja nakonso kumasintha. Mbali ina madzi oundana amasungunuka mpaka kugwa mvula kumene mvula siigwa, mbali ina amatseka njira imene chaka chatha sitima inadutsa bwinobwino. Achimwene anawonjezapo zawo. Chaka china sitima yawo inavutika kupeza njira, ndipo atabwerera ku Debeni anapeza anthu a kumudzi akukamba za njala ya 1949, ija inatenga bambo athu. Kuyambira pamenepo panalibe wowauza zina. Ankatenga beseni langa losambira, kuthiramo madzi, n'kulipendeketsa pamaso pa aliyense amene walakwitsa kuwapatsa khutu.

"Onani. Uku akwera, uku atsika, koma madzi ndi omwewa. Dziko lonse ndi beseni limodzi. Likapendeka ku nyanja yotentha, kozizira kumamva, ndipo ife a pakatife timamva nawo."

Ine ndinkawauza kuti andibwezere beseni langa. Kaya Ambrose ankanena zoona, kaya ankangocheza kuti mbatatesi zisendeke msanga, ine sindikudziwa, sindinapiteko. Koma zoti nyanja yathu ya Chilwa imaphwa sizinkafuna wophika wa m'sitima. Akuluakulu onse anaionapo itasanduka bwalo. Kungoti ndi nkhani imene munthu suiyamba pamene anzako akuyanika matemba.

Munthu yekhayo amene ankamvetsera za beseni osaseka anali Chande, msodzi wa m'mudzi mwathu momwemo, mwamuna wa mnzanga Saida, amene akuluakulu ankamutchula kuti Abiti Hassani. Chande anali ndi bwato labwino la mtengo wa mbawa limene anasema yekha, ndipo kutsogolo kwake, pamene panali mfundo, anakhomerapo chigamba cha lata. Ankalisamala kuposa mkazi, Saida mwiniwake ankatero. Achimwene ankapita naye kunyanja nthawi zina kukamukankhira bwato ndi nsungwi, chifukwa ukonde sunkakokeka ndi dzanja lawo lija.

Chaka cha 1965 kumbali yathu kunali kovuta. Anthu ankatengedwa masanasana, ena chifukwa cha zimene ananena, ena chifukwa cha zimene wina anati ananena, ndipo Chande anali ndi pakamwa. M'mawa wina anapita kunyanja yekha. Masana kunawomba mphepo yoipa ija imene imavundula matope a pansi, ndipo sanabwerere. Patapita masiku asodzi anatola chipewa chake m'mabango. Bwato ayi, munthu ayi.

Chilwa ndi nyanja yosaya, malo ambiri munthu wamtali akhoza kuima, koma matope ake akagwira sataya. Anthu anati wamira. Saida analira, ife tinalira naye. Koma amalume ake a Chande, Che Abdulrazak, anakana kuchita sadaka. Anati maliro opanda mtembo iwo sawadziwa, sanda, nsalu ya maliro ija, sakulungira chipewa, ndipo ngati mwana wa mlongo wawo ali moyo kwina, adzamuuza chiyani akadzapeza mkazi wake ali ndi wina? Ashehe nawo anati tidikire. Kwathu mkazi wamasiye, achibale a mwamuna akamusudzula, amamasuka ndipo akhoza kukwatiwanso. Saida sanasudzulidwe. Anatsala pakati, wamasiye ayi, wapabanja ayi. Ankalima yekha, kufolera nyumba yekha, ndipo akaphika ankasungabe mbale ya mwamuna chifukwa sankadziwa ngati kusiya kusungako n'kulakwa.

Kufolera yekha ndanama. Achimwene ndi amene anayamba kukwera padenga pake. Lero denga, mawa nkhokwe, mkuja chitseko chimene chinalibe vuto lililonse. Ine ndinaona, mudzi wonse unaona, iwo okha ndi amene ankaganiza kuti n'chinsinsi. Ndinawauza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, iwo anangoyang'ana pansi ngati kamnyamata kongotuluka ku jando. Ndiye ndinapita ndekha kwa Saida, ndipo tikupeta mpunga ndinamufunsa. Sanakane. Anati Che Sadiki ndi munthu wabwino, vuto ndi jasi lokhalo, ndipo Chande akanakhala kuti anaikidwa m'manda ngati munthu, iye sakanavuta. Koma anati amamulota ataima pakhomo, zovala zikudontha madzi, osalowa komanso osachoka. Anati sangagone ndi mwamuna wina m'nyumba imene pakhomo pake paima munthu.

Amuna anga anakalankhula ndi Che Abdulrazak mwaulemu wonse. Mkuluyo sanali woipa mtima, anali wa mawu amodzi basi. Anati amuonetse bwato la Chande litatembenuka, ndipo mawa lake lomwelo achita sadaka n'kumusudzula mkaziyo.

Nditawafotokozera achimwene zimenezi, anasisita pamene panali zala paja. Kenako anati, "Iphwa. Nyanjayi iphwa, ndipo ndikamupeza."

Ndinachita mantha. Mudzi wonse unkadya za m'nyanja. Wosapha nsomba ankawamba, wosawamba ankagulitsa nkhuni kwa owamba, ndipo ngakhale ashehe mkanjo wawo unali wa matemba. Tsono apa mchimwene wanga, munthu wosadumpha swala, anayamba kudikira chilala monga anthu amadikirira mvula.

Popeza kwa Mposa kulibe nyanja yamchere yoti apisemo dzanja, anayamba maulendo a ku Balaka. Ankabwereka njinga ya amuna anga, kuwoloka Shire pa Liwonde, n'kukakhala pa siteshoni kudikira sitima yochokera ku Beira. Anthu ena pa siteshoni amafunsa za abale kapena za mchere. Iwo ankafunsa ogwira ntchito m'sitima ndi matchona obwerera kwawo kuti nyanja ili bwanji kumeneko, madzi afunda kapena azizira, asodzi akupha nsomba zanji, ndipo ku Debeni sitima za anangumi zabwera zodzaza kapena zabwerera panjira. Ambiri ankawayesa wozungulira mutu. Koma masiku amenewo munthu wa mzuli wofunsafunsa za kutsidya kwa malire sankachedwa kuoneka. Anyamata a chipani anawagwira. Anawafunsa khadi, khadi anali nalo. Anawafunsa chimene akufuna ku Beira, iwo n'kupempha beseni. Amene anaona akuti anyamatawo anaseka mpaka wina anagwa pabenchi, koma mkulu wawo sanaseke. Anawauza kuti m'dziko muno mvula imagwa bwino, ndipo wonena za chilala ndi mdani wa chitukuko. Anafika kunyumba mlomo uli wotupa, gudumu la njinga litapindika. Nkhani ya njinga imeneyo amuna anga anandiimbira mpaka inandituluka m'mphuno.

Sanasiye kupita, anangosiya kufunsa mokweza. Ulendo wina anabwera nkhope ikuwala, zimene sindinazionepo chibwerere chawo. Akuti anakumana ndi munthu wa kudoko la Debeni amene anati nyanja yasokonezeka, nsomba za kwina zikugwidwa kwina. Anandinong'oneza kuti beseni lija lapendeka. Ine ndinawafunsa kuti paja amati walira mvula walira matope, nanga wolira dzuwa walira chiyani? 

Ndipo inaphwadi. Siinaphwe tsiku limodzi. Mvula inkabwera yoperewera, madzi anayamba kuthawa gombe, doko lathu linasuntha, n'kusunthanso, mpaka amayi ogula nsomba ankafika kumadzi atatopa kale. Madzi otsalawo anayamba kuwawa mchere ndi kununkha. Makumba anafa n'kuyandama mimba zili m'mwamba, matemba anasowa, milamba inathawira m'mitsinje. Zimbowera, timisasa toyandama timene asodzi ankagonamo pakati pa mabango, tinakhala pansi ngati nkhuku zofungatira mazira. Amuna ananyamula maukonde kupita ku Malombe ndi ku Chiuta, amuna anga nawo anapita, ndipo ena sanabwererenso kwa akazi awo. Pofika 1968 anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Kwathu tinadya madeya ndi mizu ya m'dambo, ndipo ana angapo anamwalira ndi m'mimba chifukwa cha madzi a m'zithaphwi.

Pa maliro amenewo anthu anayamba kuwatalikira achimwene. Palibe amene anawanena poyera kuti ndi mfiti, koma mphasa imene akhalapo inkatsala yawo yokha, ndipo kuseri kwa nyumba amayi anasiya kuwaitanira mpeni wawo. Iwonso anayamba kukhulupirira theka. Anandifunsa ngati Mulungu angamve duwa yoipa, pemphero la munthu mmodzi, n'kulanga nayo anthu onse. Ndinawayankha kuti asadzikuze, Mulungu sangaumitse nyanja chifukwa cha wosenda mbatatesi. Ndinanena mwaukali chifukwa ndinkawamvera chisoni. Chakudya chimene ndinkachipeza movutikacho chinkabwerera atangochigwira pamwamba.

Komabe m'mawa uliwonse ankalowa m'nyanja youmayo. Ndinawaperekeza kamodzi, ndipo sindinafunenso. Pansi panali pong'ambikang'ambika, ming'alu yolowa phazi lonse, pamwamba pali mbuu ndi mchere mpaka kumene maso alekera. Kunalibe mtengo, kunalibe mbalame. Kutsogolo kunkaoneka madzi akunyezimira, ukayandikira athawa. Matope oumawo ankalira tikawaponda, ndipo nthawi zina ankalira okha chapatali, popanda wowaponda. Achimwene anaima, mutu n'kupendeketsa.

"Rukiya, ndi kuno," anatero. "Kuja ndinali kuja ndi konkuno. Kungoti kuno kukutentha."

Thukuta linali chuchuchu pamphumi pawo, koma mano ankagundana. Ine ndinawakoka dzanja kuti tizipita.

M'nyanjamo munali zambiri zimene madzi anabisa: miphika, miono yowola, nyanga za ng'ombe, ngakhale njinga yathunthu. Mafupa a anthu analimonso. Aliwonse amene anawapeza ankawakumbira dzenje n'kuwawerengera duwa, popeza sankadziwa ngati ndi a mnzawo uja kapena a Mkatolika wa ku Zomba. Mabwato omira anapezanso angapo, ena otembenuka, koma lopanda chigamba cha lata silinali la Chande, ndipo Che Abdulrazak bwatolo ankalidziwa ngati chikhatho chawo. Anayamba pafupi ndi doko lathu n'kumka nalowera kum'mawa, mpaka anayamba kugona konko m'zimbowera zosiyidwa, kumabwera kumudzi Lachisanu lokha.

Tsiku lina anatulukira pakati pa sabata, miyendo ili tuu ndi fumbi loyera, zikhadabo zikutuluka magazi. Madzi amene ndinawapatsa sanamwe. Anati ndikamuuze Abiti Hassani kuti mawa tilawirire, ndipo ine ndipite nawo, chifukwa sangayende awiriwiri ndi mkazi wa mwini. Mawu akuti mkazi wa mwini anali asanawatchulepo chiyambire.

Tinanyamuka m'bandakucha, tinafika dzuwa lili paliwombo. Bwato linali m'kamfuleni ka pakati pa mabango ouma, pafupi ndi pamene mtunda umayambira, kumene kuli tinjira tolowera kwa Apwitikizi. Chigamba cha lata chinali pomwepo, chitachita dzimbiri. Bwatolo silinatembenuke. Linakhala bwinobwino kamwa ili m'mwamba, chingwe chake chitamangidwa ku chikhomo chokhomedwa mozama. Ndipo m'kati mwake, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, munali miyala yondandalikidwa bwino.

Amene sanakulire kunyanja sangamve, ndiye ndifotokoze. Mdani wa bwato la mtengo ndi dzuwa. Ukalisiya pamtunda limang'ambika, ukalisiya likuyandama akuba alitenga. Choncho msodzi akamapita ulendo wautali amalimiza dala pamalo obisika, n'kulitsendereza ndi miyala kuti likhale pansi pa madzi, ndipo likhoza kumudikira zaka osawola. Munthu amene akumira sandandalika miyala. Ndiponso m'dambo lonse lija mulibe mwala ngakhale wogendera mbalame. Miyalayo inali ya m'tsinde mwa Chikala, ya kumudzi kwathu. Chande anaikweza m'bwato asananyamuke, akudziwa kumene akupita.

Ndinayang'ana achimwene, ndinayang'ana zikhadabo zawo, kenako ndinayang'ananso miyala. Ya kumbuyo inali yomatirira m'matope ouma monga inakhalira chimizireni. Koma ya kutsogolo ingapo inali itazulidwa n'kubwezeredwa, ina mozondoka, mbali yakuda ili pamwamba, ndipo pambali pa bwato pankaoneka pamene inagwera. Sindinafunse, zinkaoneka zokha. Anafika pamalopo okha, kopanda mboni ngakhale khwangwala. Akanataya miyala ija m'ming'alu, kulitembenuza bwato, kulimata matope, Che Abdulrazak akanachita sadaka sabata yomweyo. Anayamba ndithu, kenako anabweza.

Saida anagwada m'mbali mwa bwato. Anayendetsa dzanja pa miyala umodziumodzi, ndipo yozondoka ija anaitembenuza n'kuikhazika bwino, osayang'ana munthu. Pakati pake anatola kamwala kosalala kobulungira. Kanali kamwana ka mphero yake, kamene kanasowa sabata imene Chande anasowa, ndipo chifukwa cha kamwala kameneko Saida anandinyoza pachitsime anthu akumva, kuti ndinabwereka osabweza. Ndinafuna kunena kuti waona nanga, koma sinali nthawi yake.

Ndinkadikira kuti alire, kapena atukwane. Mwamuna ukumulira zaka, ukumusungira mbale, iye anachoka ndi miyendo yake osakutsanzika. Ine ndikanatukwana mpaka mabango aja kuyaka. Koma nkhope yake inamasuka ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Ndiye kuti sanamire," anatero.

"Sanamire," anayankha achimwene.

"Ndipo munthu samiza bwato ngati sadzalifunanso."

Apa ndinayankha ine. Ndinati zaka zonsezi bwanji sanatume ngakhale mawu? Ndinati kutsidyako kuli nkhondo, kapena anafera konko, kapena ali ndi mkazi wina ndi ana oyenda kale.

"Kapena," anatero Saida. "Koma bwato analisunga. Ndipo kamwala aka anatengera dala, kuti ndikadzakaona ndidziwe."

Ine ndikuganiza kuti munthu wothawa amatola mwala uliwonse umene wagwera m'manja, koma sindinanene. Saida anayang'ana dzuwa, kenako anayang'ana kamng'alu kamene kanali katayamba m'mbali mwa bwato, pamene matope anagumuka. Anakaphimba ndi chikhatho.

"Che Sadiki, inu mumadziwa za madzi. Abwerera liti?"

"Sindikudziwa, Abiti Hassani. Madzi saiwala khwawa, koma tsiku sanena."

"Likapanda kunyowa ling'ambika. Adzalipeza litang'ambika."

Kaya sankadziwa chimene akupempha, kaya ankadziwa koma analibe wina womupempha, mpaka lero sindinamukhululukire kwenikweni, ngakhale ndine ndinamusambitsa atamwalira. Achimwene anayang'ana uku ndi uku, anatola mphika wosweka kukamwa umene unali m'matope, anapita pamalo otsika, n'kuyamba kukumba. Anatiuza kuti tizibwerera kusanade.

Che Abdulrazak atamva anapita kukaona okha, ndipo anabwerako akunena kuti si paja anatiuza. Sadaka siinachitike chaka chimenecho, ndipo siinachitikenso. Mvula itabwera yambiri madzi anabwerera, anakwirira bwato, matemba anabwerera, amuna anga anabwerera, anthu anaiwala zoti ankatalikira mphasa ya Che Ayezi. Chande yekha sanabwere, ndipo sitinamvepo ngakhale mphekesera. Saida anakalamba akusunga mbale. Achimwene sanakwatire, ndipo ku Balaka sanapitenso.

Koma miyezi yonse ija madzi asanabwerere, anakhala konko yekhayekha m'chimbowera chosiyidwa. Dzenje lawo linkatuluka timadzi takuda tonunkha, ndipo timeneto ndi timene ankathirira bwato m'mawa ndi madzulo, atalifolera mabango. Ine ndinkawapititsira ufa ndikaupeza. Ulendo wina ndinafika nditatopa, mapazi atang'ambika ndi mchere, ndipo nditawaona ataonda chotero mtima unandiphulika. Ndinawauza kuti mudzi wonse ukuwaseka. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti akuthirira bwato la mwini kuti mwiniyo adzabwere kudzatenga mkazi amene iwo akumufuna.

Anandilola kumaliza. Kenako anati, "Ndinapempha kuti nyanja iphwe kuti ndimupeze Chande. Ana a anthu afa, Rukiya. Ndamupeza."

Anatsikira m'dzenje, anatunga ndi mphika wosweka uja, n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo kwa bwato, kuti mtengo umwe.